Sitima ya ku Bulawayo ndi Mawu Amene Inasiya ku Kabwe

Munthu amene akhala ku Bwacha lero, akafuna kupita ku Bulawayo, saganizako za njanji. Amakwera basi. Koma kwa zaka zoposa 50 ulendo umenewu unali wa sitima, ndipo tauni ya Kabwe, imene pa nthawiyo inkatchedwa Broken Hill, inali pokwerera ndi potsikira pa anthu a zilankhulo zambiri. Nkhani ino ikulondola mbiri ya sitimayo, makamaka pofuna kuonetsa kuti mawu ena amene timawayesa Chinyanja chenicheni anabwera m'mabogi ake.

Njanji yochokera ku Bulawayo inafika ku mathithi a Victoria Falls m'chaka cha 1904, ndipo mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1905. Chimene chinaikokera kumpoto ndi mtovu ndi zinki zimene T. G. Davey anapeza mu 1902 pa malo amene anawatcha Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Kampani ya George Pauling inayala njanjiyo mwaliwiro, kotero kuti mu 1906 inali itafika pa mgodiwo. Mu 1909 inafika m'malire a Congo, ndipo chaka chotsatira inalowa mu Elisabethville, mzinda umene lero ndi Lubumbashi. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuchoka ku Cape Town pa njanji, nadzera ku Bulawayo ndi ku Livingstone, mpaka kukafika ku Katanga.

Tisaganize kuti onse ankayenda mofanana. Azungu anali ndi mabogi a mabedi ndi bogi lodyeramo, pamene anthu akuda ambiri ankakwera kalasi yachinayi, ya mabenchi a matabwa, m'mene ankathithikana ndi mitolo yawo usana ndi usiku. Antchito a kumwera ankatcha sitima yotere mbombela. Kwa wofufuza zilankhulo, bogi la mabenchili ndilo lofunika koposa, pakuti Mtonga, Mlozi, Mndebele, Mlenje ndi Mchewa ankakhalamo pa benchi limodzi, ndipo kuti apemphane madzi kapena fodya anayenera kupeza mawu omvana.

Anthu olankhula Chinyanja sanali eni ake a njanjiyi. Siinadzere kwawo. A ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndi a ku Nyasaland ankaipeza atayenda kale mtunda wautali, ena pa msewu wopita ku Lusaka, ena podzera ku Tete mpaka ku Salisbury, kumene ankakutcha ku Walale. Motero ankalowa m'sitima ali alendo, ndipo mlendo ndiye amabwereka mawu msanga.

Taonani dzina la chinthucho. Mawu akuti sitima anachokera ku Chingerezi, ndipo kwa anthu a ku Shire ndi ku nyanja ya Malawi anayamba kutanthauza chombo cha pamadzi. N'chifukwa chake mpaka pano ambiri amati sitima ya pamtunda, ngati kuti ya njanjiyi ndi mng'ono wa inzake. Pa njira ya ku Bulawayo panalibe chifukwa chosiyanitsira: Amandebele amati isitimela, Ashona chitima, Ababemba ishitima, ndipo onsewa amanena ya njanji. Mawu ena anakwera kuchokera kumwera kudzera m'Chilapalapa, chilankhulo cha pantchito chimene akapitawo ankalamulira nacho m'migodi ndi pa njanji. Mgodi ndi umgodi wa Chizulu. Basopo ndi chenjezo la Chibunu. Komboni, dzina limene timatchulira malo onga Bwacha, linachokera ku Chingerezi cha m'migodi. Ndipo munthu amene anapita kukagwira ntchito osabwerera, mtchona, dzina lake limagwirizana ndi mneni wa Chindebele ndi Chizulu wonena za kulowa kwa dzuwa kapena kumira. Kwa ine liwu limeneli ndilo lolemera koposa onse, chifukwa lili ndi maganizo a otsala kumudzi, osati a apaulendo.

Broken Hill sinali siteshoni wamba. Inali malo aakulu a antchito a pa njanji kumpoto kwa Zambezi. Godfrey Wilson, wa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, atachita kafukufuku m'tauniyi cha m'ma 1939 ndi 1940, anawerengera anthu akuda pafupifupi 15,000, napeza kuti amuna ambiri anali atatha zaka zochuluka za ukulu wawo m'matauni. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, anali woyendetsa sitima konkuno, mtsogoleri wa antchito achizungu amene ankatchinga kuti wakuda asagwire ntchito yonga yake. Sitiraka ya antchito akuda a pa njanji imene inabuka ku Bulawayo mu October 1945 inatsata njanji yomweyo mpaka ku Broken Hill. Pambuyo pake Dixon Konkola anatsogolera bungwe la antchito akuda a pa njanji kuchokera m'tauni imeneyi.

Kutha kwa sitimayi sikunadze chifukwa chosowa okwera. Kunadza ndi ndale. Chitaganya chitatha mu 1963, Rhodesia Railways inakhalabe ya maiko awiri, koma Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ochepa pa 11 November 1965, mgwirizanowo sukanapitirira. Mu 1967 njanji inagawidwa, ndipo Zambia Railways inakhazikitsa likulu lake ku Kabwe. Mu January 1973 Smith anatseka malire, ndipo ngakhale anasintha maganizo patapita milungu yochepa, Kenneth Kaunda anakana kutsegula mbali yake. Pamene Zambia inayambanso kugwiritsa ntchito njira ya kumwera mu October 1978, chimene inkafuna ndi feteleza ndi potulutsira kopa, osati apaulendo. Nthawi imeneyo maso anali atatembenukira kale ku Dar es Salaam, pa njanji ya TAZARA yotalika makilomita 1,860, yoyambira pa Kapiri Mposhi, imene inaperekedwa ku maiko awiriwo mu 1976. Pa njanji yakale ija, masitima a anthu anatsala oyenda m'dziko mokha, pakati pa Livingstone ndi Kitwe. Mgodi nawo unatsekedwa mu 1994.

Chilapalapa chinafooka m'zaka zomwezo, ngakhale sitingaike mlandu wonse pa mlatho, popeza anthu ankachida kale monga chilankhulo cha bwana ndi wantchito. M'misika ya Kabwe chimene chinapambana ndi Chibemba, pamene Chinyanja chinagwira Lusaka. Dzina lenileni la Bwacha likuchitira umboni: ndi mneni yemweyo wa kwacha wathu, koma ndi mgwirizano wa Chibemba wotsatira ubushiku. Mphunzitsi wofotokoza magulu a maina sasowa chitsanzo china, ndipo ana a m'kalasi mwake amene amati mgodi, komboni ndi basopo, ambiri sanaionepo Bulawayo.