Kujambula Kunatsalira Panja pa Kalasi

Nditafika Folomu 3, aphunzitsi anatiuza kuti tisankhe maphunziro odzalemba pa mayeso a MSCE. Ine ndinafunsa za kujambula. Anaseka, nati pasukulupo panalibe mphunzitsi wake ngakhale utoto womwe. Ndinangotenga Jogalafe; mapu okha ndinkawajambula mokoma ndithu.

Komatu phunziro limeneli n'lakale kuposa sukulu zonse za amishoni. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira anajambula Akafula. Zoyera, za dothi, n'za Achewa, ndipo zina mwa izo zinali zophunzitsira atsikana pachinamwali. Thanthwe ndilo linali bolodi, namkungwi ndiye mphunzitsi.

Sukulu za Azungu zitabwera zinafuna kutulutsa makalaliki, aphunzitsi ndi akalipentala. Lusoli linakapeza pogona kwina: mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni ku Mua, kumene amisiri anaphunzira kusema ziboliboli.

Nditapita kukacheza kumeneko ndinapezako mnzanga amene anasiyira sukulu Folomu 2, kasemasema ali m'manja. Anandifunsa ngati ndimajambulabe. Ndinangoyang'ana pansi.