Nkhalango Yotetezedwa ya Phiri la Mulanje ndi Zilolezo za Chitukuko m'Dera la Chambe

Chambe ndi imodzi mwa nsonga za Phiri la Mulanje, ndipo midzi ya m'munsi mwake inachita malire ndi nkhalango yotetezedwa ya Mulanje Mountain Forest Reserve, yomwe inakhazikitsidwa mu 1927. Bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo osungirako zachilengedwe mu 2000, ndipo mu Julayi 2025 linalilemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Kotero pempho la chitukuko m'derali limaunikidwa mozama kusiyana ndi la malo ena.

M'kati mwa nkhalangoyi, Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kulima, kumanga, kudula mitengo kapena kukumba miyala popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango. Malowa ndi a Boma, choncho mfumu ilibe mphamvu yowagawa kapena kuwagulitsa. Wogula malo otere amataya ndalama zake, ngakhale atakhala ndi kalata ya mboni.

Kunja kwa malire, mapulani a zomangamanga amapita ku Khonsolo ya Mulanje potsata lamulo la kakonzedwe ka malo la 2016. Koma ntchito zikuluzikulu monga migodi, misewu ndi mahotela zimafuna kafukufuku wosonyeza momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Malinga ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017, lipoti lake limaunikidwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe lingavomereze ntchitoyo, kuiikira mfundo zoyenera kutsata, kapena kuikana. Anthu okhudzidwa ali ndi ufulu wofunsidwa maganizo. Wofuna kupatutsa madzi a mumtsinje pa ntchito yamalonda amafunikanso chilolezo cha National Water Resources Authority.

Zifukwa zake n'zooneka. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndipo watsala pang'ono kutha. Mtsinje wa Likhubula umamwetsa midzi komanso mbali ina ya mzinda wa Blantyre. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaonetsanso kuopsa kwa zigumukire m'mphepete mwa phirili.

Dothi la pamwamba pa Chambe lili ndi miyala yamtengo wapatali ya rare earth, ndipo makampani akhala akuchitako kafukufuku. Chilolezo chofufuza si chilolezo chokumba. Mgodi umafuna pempho lakelake ndi kafukufuku wa zachilengedwe.

Alimi ndi amalonda akulangizidwa kufunsa ku ofesi ya zankhalango ya boma la Mulanje za pomwe padutsa malire asanapereke ndalama za malo kapena kuumba njerwa.