MWANA AMENE MALIKISI ACE ANAKANIKA KULEMBEDWA

Pa 18 July 1976, m'nyumba yaikuru ya masewera yochedwa Forum, m'mzinda wa Montreal ku Canada, mtsikana wa zaka 14 wocokera ku Romania analumpha kutsika pa ndodo ziwiri zopingasa, naima nji pa mapazi ace. Khamu lonse linatembenukira ku bolodi la magetsi kuti lione malikisi, ndipo taonani, panalembedwa 1.00. Anthu anazizwa, pakuti sanaona colakwa ciri conse. Kufikira wolengeza anawauza kuti oweruza ampatsa 10, ndiwo malikisi amphumphu, amene sanapatsidwepo mkazi pa masewera awa ku Olympics ndi kale lonse. Amisiri a Omega anakonza bolodilo ndi malo a manambala atatu okha, poyesa kuti palibe adzafika pamenepo. Dzina la mwanayo ndiye Nadia Comăneci. Tifuna tilondole mbiri yace, awerengi athu, pakuti m'menemo muli funso lokhudza kholo liri lonse ndi mphunzitsi ali yense: kodi ulemu umene mwana aupata ndi thukuta lace, mwini wace ndani?

Poyamba tinene za masewerawo, amene dzina lao ndi jiminasitiki. Akazi apikisana pa zinthu zinai. Coyamba ndi kuthamanga, kugunda manja pa cocingira, ndi kupidiguka m'mwamba. Caciwiri ndi ndodo ziwiri zija, ina yam'mwamba ina yam'munsi, zimene munthu azungulira polendewera ndi manja. Cacitatu ndi mtengo wa mamita 5 m'litali, koma m'mimba mwace masentimita 10 okha, ngati cikhatho ca dzanja. Pamenepo ayenda, nalumpha, napidiguka cambuyo. Cacinai ndi kusewera pabwalo motsata nyimbo. Masiku aja oweruza anayamba ndi malikisi 10, nacotsako pang'ono pa kuterereka kuli konse, ngakhale kugwedezeka kwa phazi. Kale opambana anali akazi akuruakuru: Věra Čáslavská wa ku Czechoslovakia anapambana ku Mexico m'caka ca 1968 ali ndi zaka 26.

Nadia anabadwa pa 12 November 1961 ku Onești, tauni ya m'tsinde mwa mapiri a Carpathian, kumene atate wace anali wokonza magalimoto. Akali wamng'ono ndithu analowa sukulu ya masewera imene anaphunzitsamo Béla Károlyi ndi mkazi wace Márta. Anthu awiriwa anatola ana aang'ono, a matupi opepuka, osadziwa mantha, nawaphunzitsa maora ambiri tsiku ndi tsiku, kubwereza cinthu cimodzimodzi kufikira thupi licicita lokha. Akuru amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo iwo anagwira mau awa ndi manja awiri. Zipatso zace sizinacedwa kuoneka. M'caka ca 1975, pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya ku Skien m'dziko la Norway, Nadia, wa zaka 13, anatenga mamendulo anai a golidi, naposa akazi ochuka a ku Soviet Union amene anagwira ufumu wa masewerawa zaka zambiri.

Tsono ku Montreal malikisi 10 aja sanadza kamodzi kokha, koma kasanu ndi kawiri: kanai pa ndodo, katatu pa mtengo wopapatiza. Anabwerera kwao ndi golidi atatu, siliva mmodzi ndi mkuwa mmodzi. Amene anamuona anazizwa koposa ndi nkhope yace, pakuti sanaonetsa mantha kapena kunyada. Anagwira nchito yace mwakacetecete, monga munthu wolima munda wace. Atolankhani anacha kukhala duu kumeneku kulimba mtima. Owerengeka okha anafunsa cimene cinacititsa mwana wa msinkhu uwu kusaseka kawirikawiri.

Kuyambira pamenepo Nadia analeka kukhala mwana wa amace yekha, nasanduka cuma ca boma. Mtsogoleri wa Romania, Nicolae Ceaușescu, anampatsa ulemu wa Ngwazi ya Nchito, umene sunapatsidwepo munthu wamng'ono cotere. Koma dzanja lopatsa ulemu ndilo linalamuliranso mayendedwe ace. M'caka ca 1977 ku Prague, iye atapambananso mpikisano wa ku Ulaya, panauka mkangano wa malikisi, ndipo boma linalamulira gulu lonse licoke masewera asanathe. Caka comweco anamlekanitsa ndi aphunzitsi ace, namtumiza ku Bucharest; makolo acenso analekana ukwati. Wolemba mbiri Stejărel Olaru, m'buku lace la caka ca 2021, anaonetsa kucokera m'makalata a Securitate, ndiwo apolisi obisika a bomalo, kuti mwanayu anazondedwa masiku onse, ndi kuti akuru a boma anadziwa za nkhanza ndi kumana cakudya m'sukulu ija. Ena a anzace ananenanso zomwezo poyera atakula. Indedi cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Panali mdani winanso amene boma silinakhoza kumlamulira, ndiye kukula. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Strasbourg m'caka ca 1978 Nadia anafika ali namwali, wamtali ndi wolemera koposa kale, nagwa pa ndodo zomwe zija zinamchukitsa, nakhala wacinai. Angakhale anatengabe golidi pa mtengo wopapatiza. Ambiri anati watha. Koma anabwerera kwa Károlyi, ndipo m'caka ca 1979 ku Copenhagen anapambana mpikisano wa ku Ulaya kacitatu. Kumapeto a caka cimeneco ku Fort Worth, ku America, dzanja lace linatupa cifukwa ca bala, nagonekedwa m'cipatala. Koma anaturukamo, nakwera pa mtengo uja, nalandira 9.95, ndipo gulu la Romania linakhala loyamba pa dziko lonse nthawi yoyamba. Ife tiyamika kupirira kotere. Koma tifunsanso ngati kunali koyenera kuti akuru alole mwana wodwala akwere pamenepo.

Funso ili siliri lacabe, pakuti tidziwa cimene cinagwera Elena Mukhina wa ku Soviet Union, amene anapambana ku Strasbourg kuja. M'mwezi wa July 1980, pokonzekera Olympics mwendo wace wothyoka usanapole bwino, anagwa pophunzira kupidiguka koopsa, nathyoka khosi, nakhala wopuwala kufikira imfa yace m'caka ca 2006. Masewerawo anacitika ku Moscow iye ali cigonere. Kumeneko Nadia, wa zaka 18, anasowa pang'ono golidi wamkuru: oweruza anakangana ngati theka la ora pa malikisi ace otsiriza, nampatsa 9.85, ndipo Yelena Davydova anapambana. Komabe anatenga golidi awiri ndi siliva awiri. Potero mamendulo ace onse a Olympics anakwana 9, asanu mwa iwo a golidi.

M'caka ca 1981 Károlyi ndi mkazi wace anatsalira ku America pa ulendo wa masewera, osabwereranso. Pamenepo boma linamanga Nadia kolimba. Maulendo ace akunja anacepa, ndipo m'caka ca 1984 anatsazika masewera ku Bucharest. Iye amene dzina lace linadziwika pa dziko lonse anakhala ngati mbalame m'cikwere. Usiku wina wa November 1989 anayenda pansi maora ambiri m'cisanu ndi m'matope, naoloka malire kulowa ku Hungary, napitirira ku Austria ndi ku America. Patapita masabata owerengeka ufumu wa Ceaușescu unagwa, ndipo iye anaphedwa pa 25 December. Nadia anabweranso ku Bucharest ali mfulu, nakwatiwa komweko m'caka ca 1996 ndi Bart Conner, mnzace wa masewera omwewo.

Kupambana kwa Nadia kunacititsa aphunzitsi a maiko ambiri kufunafuna tiana tating'ono. Ndipo mabvuto amene anatsatapo anakakamiza oyang'anira masewerawa kusintha malamulo. M'caka ca 1981 anakweza msinkhu wolowera mpikisano wa akuru kufika zaka 15, ndi m'caka ca 1997 kufika zaka 16. M'caka ca 2006 analekanso kuwerenga kwa malikisi 10, naika njira ina yopanda malire. M'caka ca 2024 ku Paris anapambana Simone Biles, mkazi wa zaka 27, monga zinali masiku a Čáslavská.

Cifukwa cace, pokumbukira usiku uja wa ku Montreal, tisakane kukongola kwa cimene mwanayo anacita, pakuti cinali cace ndithu, ndipo palibe boma linamgwirira ndodo zija. Koma oweruza anayesa mapazi ndi manja okha. Njala yace, mantha ace ndi ubwana wace panalibe woziwerenga. Ife amene tiri ndi ana aluso m'nyumba zathu ndi m'sukulu zathu, tisanaombe m'manja, tiyambe tafunsa ngati mwanayo wadya, ngati wagona tulo, ndiponso ngati ali ndi ufulu wakunena kuti walema.