Cimanga cimene cinkayenda pambuyo pa mfuti

Ana a masiku ano akamva mawu akuti "kalamidade" amaganiza za zovala zakale za pa msika wa Mandimba, zimene anzathu a ku Chiponde amati kaunjika. Sadziwa kuti mawuwa anacokera ku dzina la ofesi. Mu 1980 boma linakhazikitsa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pa Cipwitikizi Departamento de Prevenção e Combate às Calamidades Naturais, mwacidule DPCCN. Dzinalo linali lalitali, conco anthu anangotolapo mawu amodzi. Cimanga, nyemba, mafuta ophikira, mabulangete ndi malaya ocokera kunja, zonse zinali "za kalamidade". Ine ndinagwirako nchito yolemba mayina a olandira, ndipo ndikufuna ndikusimbireni, abale anga a m'malire, mmene zinthuzo zinkafikira kuno. Sizinkabwera zokha. Zinkabwera ndi asilikali.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inacedwa kufika ku Niassa. Pamene anthu a ku Manica ndi Sofala anali atayamba kale kugona m'chire, ife tinkalimabe, nkhondo n'kumangoimva pa wailesi. Koma pofika 1984 sitima ya pa njanji ya Nacala, imene imadutsa pa Nampula ndi Cuamba n'kukalowa m'Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi, inali italeka kuyenda monga kale. Ya ku Lichinga inkaoneka mwa apo ndi apo. Msewu wa Cuamba, Mandimba, Massangulo mpaka Lichinga unasanduka wa mabomba okwirira, amene tinkati mina. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wacinyamata pa kasukulu kena m'dera la Ngauma. Sukulu itatsekedwa, ine ndi amayi tinatsikira ku vila ya Mandimba. Ambiri sanaime pamenepo, anapitirira ku Chiponde ndi Namwera kwa abale awo. Koma amayi aang'ono, obadwa pambuyo pa amayi anga, anatsala. Amuna awo ankadwala miyendo, ndipo nkhokwe inali yodzaza. Pasanathe miyezi ingapo mudzi wawo unali m'manja mwa Renamo, amene tinkawachula kuti amatsanga.

Cimanga ca cithandizo cinkacokera kutali, cambiri kudzera m'bungwe la United Nations loona za cakudya, WFP. Kuyambira 1984 bungwe la ku America la CARE linkathandiza DPCCN pa nkhani ya magalimoto ndi kayendetsedwe ka katundu. Koma galimoto ya cimanga sinkalowa yokha pa msewu. Inkadikira koluna, ndiye kuti mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Tsiku lonyamuka silinkalengezedwa, kuopa kuti mbiri ingatsogole. Madalaivala ankagona pansi pa magalimoto awo ku Cuamba, mwina sabata yathunthu, mpaka m'bandakuca wina msilikali n'kudzawadzutsa kuti tiyeni.

Ndinakwera koluna kamodzi kokha, mu 1988, ndipo kamodziko kanandikwana. Kucokera ku Cuamba kufika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150, ulendo umene lero munthu amanyamuka m'mawa n'kukadya nsima ya masana kwawo. Ife tinagona panjira kawiri. Kutsogolo kunali galimoto ya asilikali, ina pakati, ina kumbuyo, ndipo pamwamba pa matumba athu panakhala anyamata a mfuti, ena aang'ono kuposa ine, nsapato zawo zitaseka. Pa malo okayikitsa ankatsika n'kumayenda pansi, maso ali pa dothi, kufufuza pamene pakumbidwa kumene. Galimoto iliyonse inkaponda ndendende mmene yaponda inzake. Palibe amene ankayankhula. Mu mdipiti womwewo munalinso magalimoto a amalonda ndi ena onyamula katundu wa asilikali eni ake, moti munthu wobisala m'chire sakanatha kusiyanitsa thumba la nyemba ndi bokosi la zipolopolo. Mwina sankafunanso kusiyanitsa.

Usiku waciwiri mkulu wa operekezawo anandiitanira pa moto.

"A profesoro, kaundula ali ndi inu?"

"Inde, shefi."

"Anyamata angawa sanadye kuyambira dzulo. Mutsitse matumba angapo, mulembe kuti anang'ambika panjira."

Sanakweze mawu, ndipo mfuti yake inali pansi. Ndinayang'ana dalaivala wathu, bambo wacikulire wa imvi, iwo n'kungoti, "Lembani, mwananga. Njira ikadalipo." Ndinalemba. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati kumene kuja kunali kuba. Anyamata aja malipiro awo ankacedwa, cakudya cawo sicinkafika, ndipo ndi iwo amene akanayamba kuponda mina m'malo mwa ife. Koma matumbawo anali ndi eni ake, amayi amene ndinawalemba ndi dzanja langa, ndipo tsiku logawa tinacepetsa mbale yopimira kuti onse alandireko.

Komatu matumba otsika panjira sindiwo anali vuto lalikulu. Vuto linali lakuti cimanga cinkafika kokha kumene msilikali wa boma ankafika. Cinkathera m'mavila okhala ndi misasa ya asilikali. Ukangodutsa maenje a alonda kumapeto kwa vila, kunalibenso kaundula. Asilikali akapita kukamenya m'chire ankabwerako ndi anthu, amene pa Cipwitikizi ankachulidwa kuti recuperados, ngati katundu wotayika amene wapezeka. Ankafika atavala masaka ndi nkhwende za mitengo, atatha miyezi osalawa mcere. Ife tinkawalemba, iwo n'kulandira. Conco thumba limodzi linkagwira nchito ziwiri: kudyetsa wanjala, ndi kukokera anthu ku mbali ya boma kuti Renamo itsale yopanda olima ndi osenza katundu. A Renamo ankazidziwa zimenezi, n'cifukwa cake ankaocha magalimoto a cithandizo ndi kupha madalaivala amene sanagwirepo mfuti. Malamulo a nkhondo a ku Geneva, pa zoonjezera za mu 1977, amaletsa kusandutsa njala kukhala cida. Kuno mbali zonse ziwiri zinkadziwa bwino kuti wanjala amatsata kumene kuli utsi.

Amene ankakana kukwera koluna anali a Red Cross ya ku Geneva, ICRC. Mwambo wawo ndi wakuti galimoto kapena ndege ya mtanda wofiira isanyamule mfuti, ndipo asananyamuke amayamba apempha kwa onse omenyana. Ife tinkawaona ngati anthu ocedwa. Njira yawo inkafikitsa zocepa, ndipo kawirikawiri inkaimitsidwa. Koma ndi iwo amene nthawi zina ankatera m'madera ena a Renamo m'dziko muno, kumene koluna sikanalowa ngakhale itakhala ndi akasinja.

Panalinso asilikali a ku Malawi. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukadzudzula Kamuzu Banda kuti dziko lake likusunga Renamo. Mwezi wotsatira Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Maiko awiriwa atagwirizana pa za citetezo, mu 1987 Malawi inatumiza asilikali ake kudzalondera njanji ya Nacala, ndipo ena anasiya moyo wawo kuno. Cimene anadzera ndi njanji, pakuti dziko lawo lilibe doko la pa nyanja yamcere, koma njanji ikatseguka thumba la cimanga nalo limadutsa. Tsidya linalo abale athu othawa nkhondo, amene m'Malawi monse anakwana miliyoni imodzi n'kupitirira, ankalandira ufa ndi nyemba kwa a Red Cross ya Malawi ndi UNHCR. Ufa wina unkabwereranso kuno usiku, pa njinga ndi pamutu, kudzera m'tinjira ta m'malire timene inu mumatidziwa kuposa ine. Imeneyo inali koluna ya eni mudzi, yopanda woperekeza.

Misewu sinatseguke cifukwa ca kuculuka kwa operekeza. Cilala ca 1991 ndi 1992 cinagwira maiko onse a kumwera kwa Africa, ndipo madera a Renamo a pakati pa dziko anauma kotheratu. Pa 16 Julayi 1992, ku Roma, boma ndi Renamo anasaina cikalata covomereza kuti cithandizo cifike kwa anthu onse a m'Mozambique kulikonse kumene ali, ndi kuti oyenda pansi pa mbendera ya United Nations kapena ya ICRC, opanda asilikali owaperekeza, asachingidwe njira. Zinatenga nthawi kuti za papepala zifike pa msewu. Pa 4 Okutobala Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere, ndipo mu Disembala United Nations inakhazikitsa gulu losungitsa mtendere la ONUMOZ, lotsogozedwa ndi Aldo Ajello wa ku Italy.

Mu 1993 asilikali a Malawi anabwerera kwawo, njira ya Nacala n'kupatsidwa kwa asilikali a ku Bangladesh a zipewa za buluu. Ya Beira inapita kwa a ku Italy, ya Tete kwa a ku Botswana. Mkati mwa ONUMOZ munaikidwa ofesi yogwirizanitsa mabungwe a cithandizo, UNOHAC, ndipo m'zigawo munakhala makomiti mmene a boma ndi a Renamo ankakhalira pamodzi kukambirana kumene mbewu ndi makasu zipite. Mabungwe ena sanakondwe kuona nchito ya cithandizo ili pansi pa denga limodzi ndi asilikali. Ine kusiyana kumene ndinaona n'kwakuti msilikali wa ku Bangladesh ankalondera msewu, sankakhala pamwamba pa thumba. Ndipo zinthu zinatembenuka: tsopano asilikali athu, a mbali zonse ziwiri, ndiwo ankadyetsedwa ndi mabungwe m'misasa 49 mmene ankadikira kutula mfuti. Kudikirako kutatalika mu 1994, ena anachinga misewu ndi kugwira magalimoto, kufuna kuti awamasule azipita kwawo.

Zonsezi ndazikumbuka cifukwa ca Cabo Delgado, kumene nkhondo inabuka mu Okutobala 2017 n'kufika mpaka ku Mecula, m'Niassa muno, kumapeto kwa 2021. Kumeneko kuli asilikali athu ndi a ku Rwanda, ndipo mabungwe akufunsanso funso lija: tikwere koluna kapena tidikire? Malangizo a United Nations a masiku ano amati operekeza a mfuti akhale njira yotsiriza, zina zonse zikakanika. Ndikugwirizana nazo. Koma ndinganame nditanena kuti mu 1988 ndikanakana koluna. Amayi anga anadya cimanga cimene cija, ndipo anakhala moyo mpaka kuona zidzukulu.

M'cilimwe ca 1993 ndinakwera galimoto yoyamba imene ndinaiona ikulowa m'dera la amayi aang'ono popanda mfuti. Inanyamula mbewu, makasu ndi zikwanje. Mina zinali zisanacotsedwe, pakuti bungwe la HALO Trust linadzagwira nchitoyo kumpoto kuno m'zaka zotsatira. Pamene dalaivala anakana kupitirira, tinasenza katundu pamutu n'kumaponda m'mapazi a mnyamata wa m'mudzimo amene ankadziwa njira. Pa khomo la mudzi panali a Renamo awiri. Anayang'ana mapepala athu, mmodzi atawagwira cazondoka, n'kutilola.

Ndinawapeza amayi aang'ono akusinja mizu pa mtondo. Amuna awo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanatsitse munsi.

"Kodi ndiwe mwana wa akulu anga? Akulu anga alipo?"

"Alipo, amayi. Ali ku Mandimba."

Anakhala pansi. Titalonjerana ndinawauza nchito imene ndinkagwira zaka zonsezo. Iwo anati mphepo ikamacokera ku msewu ankamva magalimoto akulira patali, ndipo ankauzana kuti cimanga ca eni ake cikudutsa. Sanandidzudzule. Ndinatsegula kaundula pa bondo n'kulemba dzina lawo, koyamba cicokereni nkhondo. Analandira khasu ndi kathumba ka mbewu, n'kundifunsa ngati m'galimoto munatsala mcere.