Onesimo wa ku Boston ndi Katemera wa Masiku Ano

Ena mwandifunsa ngati Mkhristu angabayitse katemera wa COVID-19. Tiyeni tiyambe tabwerera m'mbuyo.

M'chaka cha 1721 mliri wa nthomba unagwa mumzinda wa Boston ku America. Kumeneko kunali mbusa Cotton Mather, amene anthu a mumpingo wake anamupatsa kapolo wochokera ku Africa. Mbusayo anamutcha Onesimus, dzina la kapolo uja wa m'kalata ya Paulo kwa Filemoni. Kapoloyu anali atamuonetsa chipsera cha pamkono, namufotokozera kuti kwawo amatema khungu la munthu wabwinobwino, monga titemera mphini, n'kupakapo timafinya ta wodwala nthomba. Wotemeredwayo amadwala pang'ono, koma nthendayo simugwiranso.

Mather anadandaulira madokotala a mumzindawo, koma anavomera mmodzi yekha, Zabdiel Boylston. Anthu anakwiya, ena nati kumeneko n'kulimbana ndi chifuniro cha Mulungu, mpaka wina anaponya bomba pazenera la nyumba ya mbusayo. Mliri utatha anawerenga maliro. Mwa odwala osatemera, anamwalira pafupifupi mmodzi mwa anthu 7 alionse. Mwa otemera, mmodzi mwa anthu oposa 40. Taonani abale, nzeru yopulumutsa moyo Mulungu anaidzeretsa pakamwa pa kapolo wa ku Africa.

Makolo athu analibe mwayi wotere pamene chimfine choopsa chinalowa mu Nyasaland kumapeto kwa 1918. Katemera wake kunalibe, anangokumba manda.

Ife bwanji? Pa 12 Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Katemera woyamba anafika mu Malichi. Koma mu Meyi boma linatentha katemera wokwanira kubaya 19,610 chifukwa anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, mphekesera za 666 zili mkati m'mafoni mwathu. Chizindikiro cha chilombo cha pa Chivumbulutso 13 ndi nkhani ya amene ukumulambira, osati ya jakisoni wa pachipatala.

Kubayitsa si kuchepa chikhulupiriro. Luka, mnzake wa Paulo, anali sing'anga. Lamulo lachisanu ndi chimodzi silingotiletsa kupha. Litilamulanso kusunga moyo wathu ndi wa mnzathu, makamaka agogo ndi odwala shuga amene timakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi.

Pitani kuchipatala, funsani zonse zimene zikukukayikitsani, ndipo mutenge mayi ndi bambo anu. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.