Mbiri ya Njanji ndi Dziko Lathu la ku Nambuma

Pa masiku ano a Yubile tiri kukumbukira zambiri za makolo athu, ndipo ife tapatsidwa mbali ya kulongosola za njanji, ndiyo njira ya citsulo imene sitima ya pamtunda iyendapo. Kapena wina adzafunsa kuti, Nanga ife a ku Nambuma tiri nayo ciani njanji, popeza sitima siinalirepo pa bwalo lathu? Tiyankha kuti, ngakhale iri kutari ndi makomo athu, mtengo wa mcere, wa mafuta ndi wa feteleza utsata njira imeneyo. Ikadwala njanji, nkhokwe zathunso zimva kuwawa.

Kale m'dziko muno munalibe njira yina koma ya mapazi. Pamene Abambo a White Fathers anamanga ku Likuni caka ca 1903, akatundu onse anali kufika pa mitu ya amtengatenga, amene anayenda masiku ambiri kucokera ku nyanja kapena ku Blantyre. Kummwera akatundu anali kukwera ndi masitima a pamadzi mu mtsinje wa Shire. Koma madzi ace anayamba kucepa, masitima natitimira mu mcenga. Cifukwa cace Azungu anayala njanji kucokera ku Port Herald, kumene lero tikucha Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre caka ca 1908. Njanji yina yocokera ku doko la Beira inafika pa gombe la Zambezi caka ca 1922, koma akatundu anali kuoloka mtsinjewo pa madzi kufikira 1935, pamene unatha ulalo waukuru wa Dona Ana, wa utali wopitirira makilomita atatu ndi theka.

M'zaka zomwezo dziko lathu lino linali kusandulika. Caka ca 1920 Mzungu wina, Bwana A. F. Barron, anatsegula munda wa fodya ku Mbabzi, ndipo anthu a m'midzi anaphunzira kulima fodya wocizira ndi utsi. Pamene Misyoni ya Nambuma inayambika caka ca 1928, fodya ameneyo anali atawanda kale m'cigawo ca Lilongwe ndi ca Dowa. Koma njanji inali kutari ndithu: mabelo anali kupita pa magalimoto, mu mseu wa pfumbi ndi matope, kudzera ku Dedza kufikira ku Limbe. Caka ca 1935 njanji inakwera kucokera ku Blantyre kufika ku Salima, niima pomwepo, pansi pa mapiri, pakuti eni ace anali kufuna nyanja koposa minda ya kumtunda kuno. Ndiponso Boma la Nyasaland linasenza ngongole yolemera cifukwa ca njanji za ku Zambezi, ndipo mtengo wa kunyamula akatundu unakhala wokwera. Mlimi analandira zocepa pa thukuta lace, ndipo anyamata ambiri anasiya makasu napita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho. Ena a iwo anasanduka macona.

Dziko litalandira ufulu caka ca 1964, Boma la Dr. Kamuzu Banda linayala njanji ya kucokera ku Nkaya kufika ku Nayuchi, imene inatsegulidwa caka ca 1970, nitipatsa khomo laciwiri la ku nyanja ya mcere, ndilo doko la Nacala. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe caka ca 1975, a ku Canada anathandiza kukweza njanji pa mapiri a ku Salima. Inafika ku Kanengo caka ca 1979, ndi ku Mchinji caka ca 1980, kupyola ca ku Namitete. Taonani, kuyambira 1908 kufikira 1980 ndi zaka 72: mwana amene anabadwa pamene sitima inalowa m'Blantyre anali nkhalamba ya imvi pamene inalira m'minda ya kwathu. Akulu athu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma cimwemwe cathu sicinakhalitse. Njanji zathu zonse ziwiri zipita m'dziko la Mozambique, ndipo kumeneko kunali nkhondo ya paciweniweni. Pofika caka ca 1984 njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinali zitatsekeka, ndipo caka ca 1986 ulalo wa Dona Ana unaphwanyidwa. Tsono fodya wathu anayamba kuzungulira pa malole kufikira ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ulendo wautali ndi wodya ndalama zambiri. Mtendere unabwera caka ca 1992, koma amalonda anali atazolowera mseu, ndipo njanji inali itakalamba posowa oisamala. Madzi naonso anacita zao: caka ca 1997 anakokolola njanji ku Chiromo, ndipo caka ca 2003 anagwetsa ulalo wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka, nadula cigawo cathu ca pakati kwa nthawi yaitali. Pakati pa mabvuto amenewa, caka ca 1999, Boma linabwereketsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Caka ca 2010 njanji ya ku Mchinji inalumikizidwa ndi Chipata m'dziko la Zambia, koma akatundu oyendapo anakhala ocepa.

Pano pali cinthu coti ticilingalire bwino. Kampani ya ku Brazil, dzina lace Vale, inafuna kutulutsa malasha a ku Moatize m'dziko la Tete, ndipo inakonza njanji ya makilomita 912 kufikira ku Nacala, yopyola pakati pa dziko lathu pa Nkaya ndi Liwonde. Inatsegulidwa caka ca 2017, ndipo masitima atali a malasha ayendapo usana ndi usiku. Njanji imeneyo iri yolimba cifukwa iri ndi katundu wosaleka ndi mwini woiyang'anira. Yathu ya kuno iri yofoka cifukwa isowa zonse ziwiri. Njira imene anthu aleka kuyendamo imera thengo, ingakhale ya citsulo. Masitima onyamula anthu atsala kummwera kokha, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi. Kuno ana athu ambiri a sukulu aoloka njanji ca ku Namitete, koma sanakwerepo sitima cibadwire.

Komabe sititaya mtima, pakuti zizindikiro zina ziri kuoneka. Caka ca 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto inafikanso ku Kanengo patapita zaka zoposa makumi awiri, ndipo caka comweco yina yocokera ku Beira inafika ku Marka m'boma la Nsanje, kumene nchito ya kukonzanso njanji ya ku Bangula inayambika caka ca 2022. Kuli mau akutinso a ku Zambia adzayala njanji kucokera ku Chipata kukakomana ndi ya TAZARA. Cikacitika cimeneco, njanji yathu idzakhala njira ya pakati yopitira maiko, yosati nthambi youma. Koma tisabvinire mau okha: fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga ife a m'midzi tingacite ciani? Coyamba, tileke kuiona njanji ngati ya Boma lokha. Munthu amene azula zitsulo zace kukagulitsa, kapena afukula miyala yace, kapena alima mpaka m'mphepete mwace kuti mvula iikokolole, ameneyo akweza mtengo wa feteleza wa amace omwe. Caciwiri, tigwirizane m'magulu a alimi, pakuti sitima siimira thumba limodzi. Ifuna mtedza, soya ndi cimanga zosonkhanitsidwa pamodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Cacitatu, pamene atsogoleri abwera kudzatipempha kuti tiwasankhe, tiwafunse mwaulemu za njanji ya ku Mchinji ndi za sitima ya anthu, monga tiwafunsa za miseu ndi zipatala.

Inu aphunzitsi, simbirani ana mbiri imeneyi m'midzi mwanu. Makolo athu anasenza akatundu pamutu, nadikira njanji moyo wao wonse, ambiri namwalira osaiona. Ife tinailandira, cidzakhala camanyazi ngati adzukulu athu, pa Yubile yao, adzapeza zitsulo za dzimbiri m'udzu, nafunsa kuti, Kodi pano panali kupita ciani?