Makalavati

Makalavati ndi mapaipi kapena ngalande zotseka pamwamba zimene zimakwiriridwa pansi pa msewu kapena njanji kuti madzi azidutsa osawononga njirayo. Amapangidwa ndi konkire, chitsulo chokhala ndi mizere ngati malata, kapena pulasitiki yolimba.

Kulemera kumene amasenza

Makalavati amasenza dothi limene lili pamwamba pake komanso magalimoto odutsa. Tayala la lole likaponda msewu, dothi limamwaza kulemerako pamalo aakulu, choncho mphamvu yofika pa paipi imachepa paipiyo ikakhala pansi kwambiri. Komabe dothi likachuluka, nalonso limalemera. N'chifukwa chake mainjiniya amawerengera zonse ziwiri. Malamulo ambiri a kamangidwe amafuna dothi losachepera masentimita 30 pamwamba pa paipi, ndipo pamafunika lochulukirapo pamene makina olemera omangira msewu akudutsa.

Mapaipi ouma ndi ofewa

Paipi ya konkire sipindika. Imadalira mphamvu yake komanso maziko amene yagonapo, ndipo ikalemedwa kwambiri imang'aluka. Paipi yachitsulo kapena yapulasitiki imaphwatalala pang'ono n'kukankha dothi la m'mbali mwake, ndipo dothilo limaigwira kuti isafwaphike. Pa chifukwa chimenechi, dothi la m'mbali limathiridwa pang'onopang'ono n'kumatsinderidwa bwino. Kawirikawiri paipi yotere siloledwa kuphwatalala kupitirira 5 peresenti ya kukula kwa kamwa lake.

Mbiri ya kawerengedwe

Mu 1913, Anson Marston wa ku Iowa State College ku America anafalitsa njira yowerengera kulemera kwa dothi pa mapaipi okwiriridwa. Mu 1941, wophunzira wake Merlin Spangler anatulutsa njira yowerengera mmene paipi yofewa imaphwatalalira. Njira zimenezi zikugwiritsidwabe ntchito mpaka pano.

Zimene zimawononga makalavati

Nthawi zambiri vuto limayambira pa dothi. Madzi akamadutsa kunja kwa paipi kapena molumikizira, amakokolola dothi n'kusiya mphako, kenako msewu umatitimira galimoto yolemera ikapondapo. Dzimbiri limadya pansi pa mapaipi achitsulo, pomwe mchenga ndi zinyalala zimatseka kukamwa mpaka madzi kusefukira pamsewu. Malole onyamula katundu wopyola muyeso amafulumizitsa kuwonongekaku, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene malole amayezedwera pasikelo m'misewu ikuluikulu.